Chaka Chimene Tsekera Anatha ku Lilambo

Chaka chimene anzanga amachitcha cha chimanga chachikasu, ine ndimachikumbukira ndi udzu. Dzina langa ndine Asiyatu. Nthawi imeneyo ndinali ndi ana awiri, Saidi ndi Mariamu, ndipo ine ndi amuna anga, Che Yusufu, tinkakhala m'mudzi wa amayi anga, m'munsi mwa mapiri a ku Chowe. Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya achemwali anga, a Patuma. Amuna awo anamira panyanja kalekale, mwana analibe, ndipo munda wawo unali kachigamba chabe. Chimene chinkawadyetsa chinali zenga lomwetera udzu.

Kumadzulo kwa mudzi wathu kuli chigwa chachikulu chouma, chopanda mtsinje, chimene m'Chiyao timangoti Lilambo. Ndili mtsikana, ukalowamo mwezi wa Meyi sunkaoneka. Tsekera, udzu wofolera nyumba, ankapitirira mwamuna wamtali atakweza mkono. Pansi pa tsekera pankamera kamphe ndi udzu wina wofewa, m'mipata munali chewe ndi denje za ndiwo, ndipo pa chulu chilichonse pankayanga mpama, chilazi cham'tchire chija. Amayi ankati pa njala ya ubwana wawo mudzi wathu sunaike maliro ambiri, chifukwa anthu ankalowa mu Lilambo m'mawa n'kutuluka madzulo ndi kanthu m'dengu.

Pamene chaka chimene ndikunenachi chinkayamba, Lilambo linali litadyeka kale mbali ziwiri. Chakumpoto, thirakitala ya bwana wina wa ku tauni, munthu wamkulu m'chipani, inagalauza nthaka kuti adzalepo thonje. Thonjelo silinachite bwino, anasiya, koma tsekera sanabwererenso. Panamera nansongole wobaya kumapazi, chisoso ndi nthula. Chapakati bwana yemweyo anaikapo ng'ombe zake. Zinadya, zinapondaponda, udzu unafupika mpaka kutsala kapinga, ndipo timitengo taminga ta mphangala tinayamba kudzaza m'tinjira ta ng'ombe. Dzina la bwanayo sitinkalitchula ngakhale tili m'nyumba. Masiku amenewo ukafunsa kuti malo awa anapereka ndani, mawa lake kunkabwera anthu kudzafunsa iweyo kuti unafunsiranji.

Kunatsala kummwera kokha. Kumeneko ndi kumene mudzi wonse unkamweta, ndipo kumeneko ndi kumene achemwali ankakhala tsiku lonse.

Okutobala

Miyezi yonse yozizira a Patuma anali atamweta. Mitolo yawo anaiunjika pansi pa mlambe, mulu waukulu ngati nyumba, kudikira galimoto ya mmisiri wina amene ankafolera nyumba za alendo ku Makokola. Mmisiriyo ankagula bwino kuposa anthu a m'mudzi, koma ankabwera tsiku limene wafuna yekha. Mulu umenewo ndiwo unali nkhokwe ya achemwali ya chaka chonse.

Kwathu udzu tinkautentha ndithu, koma tikatha kumweta, kunja kudakali kozizira, m'mawa mame asanaume. Moto wotere umangonyambita pamwamba, zitsa za udzu n'kutsala zamoyo. Abusa a ng'ombe za bwana uja ankafuna msipu wofulumira, ndiye anayatsa masana a Okutobala, dzuwa lili paliwombo, mphepo yotentha ikuwomba. Utsi tinauona tili pachitsime. Tinathamanga ndi nthambi zaziwisi, amuna ndi akazi omwe, koma moto wa mwezi umenewo suzima ndi nthambi. Mulu wa achemwali unayaka tikuona, osatha ngakhale kuyandikira.

Dzuwa litapendeka achemwali anapita kukhola kukaonana ndi kapitawo wa bwanayo, a Chikopa, ine ndikuwatsata m'mbuyo ndi mantha. A Chikopa anali munthu wa boma lina, waulemu, wosakweza mawu.

"Mayi, pepani ndithu," anatero. "Anyamatawa sanaione bwino mphepo. Koma si udzu uwu? Mvula ikagwa umeranso, mudzamweta wina."

"Mwakapondapo pamene papsapo?" anafunsa achemwali. "Pitani mukaponde. Phazi likumira m'phulusa. Wapsa ndi mizu yomwe."

"Nanga kwa abwana ndikanene kuti chiyani? Kuti alipire udzu wam'tchire?"

Sananene monyoza. Ananena ngati munthu amene akudziwa kuti mawu amenewo sangatuluke pakamwa pake pamaso pa bwana wake. Achemwali anatembenuka, tinabwerera.

Panjira ndinati, "Achemwali, chaka chino mudzadya kwathu."

"Iwe uli ndi ana," anayankha. "Ine ndimweta wina."

Disembala

Mvula inayamba bwino, ndipo tinadzala ndi mitima yopepuka. Chimanga chinamera mofanana, mtedza unatuluka, Che Yusufu ankabwera kumunda akuimba. Palibe amene akanakuuza kuti kutsogolo kuli chiyani.

Ku Lilambo zinthu sizinali choncho. Pamene moto unatentha kwambiri panakhala pakuda mpaka mwezi wonse kutha, ngati pamene pagona mphika. Pamene tsekera anaphukira, abusa anakusirapo ng'ombe, poti kunalibenso msipu wina wabwino. Ng'ombe ikaluma mphukira yanthete pa chitsa chowauka, imazula ndi chitsa chomwe. Ukadutsa m'mawa unkaona zitsa zili gadagada, mizu kumwamba.

Achemwali anadula nthambi za mphangala n'kutchinga ngodya imodzi, kumapeto kwenikweni kummwera, kumene moto unangolambalala chifukwa cha miyala. Anaumanga okha mpandawo, manja onse zilondazilonda ndi minga. Abusa aja, kaya ndi manyazi a moto uja, sanaugwetse. M'kati mwa mpandamo udzu unakula monga kale, ndi zonse zimene zimamera pansi pake. Kunja kwake kunali kapinga ndi dothi.

Januwale ndi Febuluwale

Mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula ngayaye. Poyamba tinkati ndi kang'amba ka masiku onse. Mitambo inkasonkhana cha kunyanja masana, mabingu n'kumveka, madzulo kumwamba kuli mbee. Masamba a chimanga anapotana ngati a anyezi, kenako anayera, kenako anayamba kulira mphepo ikawomba, kulira kwa mapesi a mwezi wa Juni. Amuna anapemphera kumzikiti, a mpingo anapemphera kutchalitchi kwawo kuseri kwa msewu, koma kumwamba sikunasinthe.

Mawu akuti njala sankatchulidwa pamsonkhano. Tinkangoti mvula yachedwa. Pamsika mbale yoyezera chimanga inali yomweyo, koma ogulitsa anaiponda pansi kuti ichepe, ndipo mtengo unkakwera tsiku la msika lililonse. Nkhuku imene kale inkabweretsa chimanga cha sabata inayamba kubweretsa cha tsiku limodzi. Kumsika wa boma anthu ankafola kuyambira mbandakucha, ndipo pachipata anyamata a chipani ankayamba afunsa khadi usanalowe. Che Yusufu anabwerako kangapo ndi thumba lopinda m'khwapa.

Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati chimanga chadzaza m'nkhokwe zazikulu ku likulu, chikungodikira mawu a munthu mmodzi. Ena ankati chonse chikupita kwa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki. Aneba athu ena anagulitsa mbuzi zonse nthawi imodzi zisanaonde. Mwamuna wina anatsazika kuti akupita kukakoka makoka kunyanja, ndipo mkazi wake sanamuonenso.

Malichi

Ramazani inagwa mwezi umenewu. Akuluakulu ena ankaseka kuti chaka chino kusala tinakuyamba kale, mwezi wangotipeza panjira. Chovuta sichinali kusala masana. Chovuta chinali dzuwa likalowa, ana akuyang'ana m'manja mwako, iwe ulibe choika pamphasa.

Apa m'pamene mudzi wonse unatembenukira ku Lilambo, monga ankachitira makolo athu. Ndinene zoona, mbali ija inagalauzidwa ndi thirakitala inatithandiza poyamba. Kutagwa kamvula kowaza, panatuluka chisoso ndi bonongwe wambiri, ndipo tinathyola ndi manja awiri. Koma zomera za panthaka yogalauzidwa zimabwera mothamanga n'kupita mothamanga. Mizu yake ili pamwamba. Dzuwa litabwerera zinachita maluwa zidakali zazifupi ngati chala, n'kuuma. Chapakati, podyera ng'ombe, panalibe kanthu koma nthula zachikasu zonyezimira, zimene tinkachita kuopseza ana kuti asaziike m'kamwa.

Chakudya chenicheni chinali m'kati mwa mpanda wa achemwali. Mpama amakhala pansi kwambiri, chilala sichimupeza msanga. Tinkakumba ndi makasu ndi zikwanje, kuwiritsa, kusenda, kuduladula n'kuviika m'madzi kuti kuwawa kuchoke. Sankakoma, koma mwana akadya ankagona.

Lamulo la mpama aliyense ankalidziwa: ukakumba, umadula mutu wake n'kuubwezera m'dzenje, n'kukwirira, kuti chaka china adzaphukenso. Masabata oyamba tinkatero. Kenako mbiri inamveka, kunayamba kubwera anthu a midzi ina, ena ochokera kutali ndi ana kumsana. Mpanda unagwa. Chulu chilichonse chinasanduka maenjemaenje. Achemwali ankayenda m'mbuyo mwa okumba, kutola mitu imene yatayidwa n'kuikwirira. Posapita nthawi panalibenso wotaya mutu.

Tsiku lina anapeza mayi wina wachilendo akuika mitu ya mpama m'nsalu yake. Ine ndinali pafupi.

"Amwali, mutuwo sitinyamula," anatero achemwali mofatsa. "Timabwezera pansi."

Mayiyo anatembenuza mwana amene anali kumsana kuti timuone. Khosi la mwanayo linali ngati phesi.

"Ndibwezere pansi kuti uyu adzadye chaka chamawa?" anafunsa.

Achemwali anatsanulira mpama wawo wa tsiku limenelo m'nsalu ya mayiyo. Pa Idi, kumayambiriro a Epulo, m'mudzi mwathu simunaphedwe ngakhale nkhuku, ndipo mu Lilambo munalibenso tsamba la mpama.

Meyi

Zokolola zathu zonse zinakwana m'dengu limodzi, tizisononkho ta njere zowerengeka. Mbuzi zinali zitapita. Wailesi ya Che Yusufu inapita, kenako njinga. Mariamu, amene anali atangosiya kuyamwa, anayamba kutupa mapazi, tsitsi lake linafiira n'kumasosoka ndikamamusambitsa. Analeka kulira. Ankangokhala pamene wamukhazika, kuyang'ana khoma.

Ndi mwezi umenewu pamene a Chikopa anabwera m'mudzi ndi uthenga. Abwana awo anaona kuti kummwera kwa Lilambo nthaka ndi yakuda, sinalaweko khasu chilengedwere, ndipo ankafuna kudzalapo fodya mvula ikadzabwera. Thirakitala inali itafa. Ankafuna anthu a ganyu oti azule zitsa za udzu ndi makasu, agumule chulu chilichonse, asalaze. Malipiro ake sanali ndalama koma chimanga, choyezedwa madzulo aliwonse.

Amuna a m'mudzi anaumva uthengawo. Aliyense ankadziwa kuti malo amenewo ndiwo denga la nyumba yake. Aliyense ankadziwanso za m'mimba mwa ana ake.

Madzulo ake achemwali anabwera pakhonde pathu. Che Yusufu ankanola khasu.

"Alamu, khasulo ndi la kuti?"

"Mukudziwa, alamu."

"Moto unalephera, ng'ombe zinalephera, ndiye mumalize ndinu? Kumpoto kuja mwaona. Zaka zapita zingati, mwaonako tsekera ngakhale phesi limodzi? Udzu umenewu ukazulidwa subwerera. Mbewu yake idzachokera kuti, poti kwatsala ndi komweko?"

"Ndikapanda kupita ine apita ena," anatero Che Yusufu. "Udzuwo uzulidwabe, ine ndi kutsala wopanda chimanga."

"Mukakana nonse apita ndani?"

"Abwera ndi anthu pa lole kuchokera kwina. Njala ili paliponse." Anaika khasu pansi n'kuloza m'nyumba. "Alamu, lowani mukamuone mwana wanu Mariamu. Mukatuluka mundiuze kuti ndisapite, sindipita."

Achemwali analowa. Anakhalamo nthawi ndithu. Potuluka sanayang'ane Che Yusufu. Anangondiuza ine kuti, "Ukawapemphe a Chikopa andisiyire masiku pang'ono ndimwete umene ulipowo." Ndipo anapita kwawo.

A Chikopa analola. Udzu wa chaka chimenecho unali waufupi ndi wopyapyala, wosafika ngakhale m'chiuno, komabe achemwali anaumweta wonse, amuna a makasu akuwatsata m'mbuyo. Chitsa cha tsekera ndi chachikulu, china ngati lichero, ndipo mizu yake imagwira dothi ngati nsanza. Amuna anjala ankachita kuthandizana awiri pa chitsa chimodzi. Zitsazo ankaziunjika n'kuziyatsa, ndipo utsi wake unakhala pamwamba pa mudzi mwezi wathunthu.

Madzulo aliwonse Che Yusufu ankabwera ndi chimanga m'kathumba. Ndinkasinja ndi gaga yemwe, n'kuphika phala. Kutupa kwa Mariamu kunayamba kuphwa. Tsiku limene analira chifukwa Saidi wamulanda supuni, ndinatuluka panja n'kukalira nanenso.

Kwa achemwali ndinkatumiza mbale tsiku lililonse. Ankalandira, mbale n'kubwera yotsuka. Patapita nthawi ndinadziwa kuti theka ankadyetsa Saidi amene ankapititsa mbaleyo. Ndi Che Yusufu sankakangana. Ankapatsana moni, basi.

Julaye ndi Ogasiti

Ganyu atatha, chimanga chinathanso. Mitolo yochepa ija achemwali anaigulitsa motchipa, poti mmisiri wa ku Makokola anaikana kuti ndi yaifupi. Atamva kuti m'mapiri a cha ku Katuli mudakali udzu, anatenga zenga ndi kansalu kofunda n'kupita. Ndinawaletsa. Anati, "Ukufuna ndikhale pakhonde ndizidikira mbale?"

Kumeneko ankagona kwa wachibale wina wa malemu amuna awo, pakhonde, m'chisanu cha kumapiri. Udzu unalipo koma unali ndi eni ake, ndipo mlendo ankamweta mogawana: mitolo iwiri ya mwini malo, umodzi wake. Galimoto zinkadutsa mwa apo ndi apo, ndiye panalibe njira yoti udzuwo ufike kunyanja kumene ukanagulidwa bwino. Anabwerako kumapeto a Ogasiti ndi kachimanga pang'ono ndi chifuwa chimene chinkamveka tili m'nyumba mwathu.

Kwathu anapeza fumbi. Lilambo lonse linali mbee, kuyambira kumpoto mpaka kummwera, ndipo mwera ukawomba dothi linkanyamuka ngati utsi n'kudzatera m'mudzi, m'mitsuko, m'maso mwa ana. Akamvuluvulu ankayenda awiriawiri masana. Ng'ombe za bwana uja zinayamba kugwa ndi njala, zitamaliza ngakhale kapinga, ndipo zotsala anadzazitenga pa malole. Zinasiya nthula ndi mphangala, zimene ng'ombe sidya.

Seputembala

Chimanga chachikasu, cha thandizo chochokera kunja, chinafika mwezi umenewu. Tinkakalandirira kusukulu, banja ndi banja. Poti achemwali anali okha, anawaphatikiza m'banja lathu, ndipo kuyambira pamenepo tinkaphika mphika umodzi. Anthu ankanena zambiri za chimangacho: kuti kwawo chimadyedwa ndi ziweto, kuti mwamuna akadya kwambiri sabereka. Tinkanena uku tikudya. Fungo lake silinkandikomera, koma ana anga anayamba kuthamanga.

Achemwali chakudya chinawapeza mochedwa. Ankadya pang'ono n'kukankha mbale. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti azidya bwino ndi kukhala pamalo posazizira. Tinangoyang'anana.

Mwezi umenewu ndi umene anthu amafolera nyumba mvula isanabwere. Chaka chimenecho m'mudzi monse simunakwere munthu padenga. Udzu wogula unkachokera kutali, ndipo mtolo umodzi unkafuna chimanga chimene chikanadyetsa banja masiku angapo. Amene anayesa kufolera ndi nansongole anapeza kuti ndi wamfupi, sagwira pa nsungwi.

Disembala

Mvula inabwera ngati ikubweza ngongole. Inagwa yamphamvu masiku otsatizana, ndipo mu Lilambo munalibe choigwira. Kale madzi ankalowa m'zitsa za udzu n'kumira pomwepo. Tsopano ankathamanga pamwamba, ofiira, n'kukumba chigwembe chimene chinadula njira yathu ya kumsika. Dothi lakuda lija limene abwana ankalifuna, lambiri linapita ndi madzi oyamba.

Fodya sanadzalidwe n'komwe. M'dziko munali mutayamba mphepo ina, anthu ankanong'onezana za zipani zambiri, ndipo bwana uja anali ndi zina zoganiza. A Chikopa ananyamula katundu wawo m'mawa wina. Podutsa pachitsime anatilonjera, anafunsa za achemwali, n'kunena kuti tiwapepesere. Pamalo pamene amuna athu anazula zitsa panamera nansongole ndi chisoso, ndi nthula m'mbali mwa chigwembe. Ndinayendamo ndekha kufunafuna, mwina pena patsala. Sindinapeze.

Nyumba zonse zinkadontha. Tinkasuntha mphasa uku ndi uku, miphika ndi mabeseni zili mbwee pansi. Denga la achemwali linali lakale kuposa onse, poti mmweti wa udzu amagulitsa wabwino n'kumati lake adzakonza chaka chamawa. Linagwa mbali imodzi, khoma n'kunyowa mpaka kugumuka. Che Yusufu anapita okha, anawabereka kumsana n'kubwera nawo kwathu. Anawagoneka pakona pamene sipankadontha, pamene tinkagona ife.

Tsiku lina masana, mvula ikugwa, tonse tili m'nyumba, achemwali anali chigonere kuyang'ana kudenga. Kenako anati, "Alamu."

Che Yusufu anadzidzimuka. Kuyambira Meyi anali asanawaitane.

"Apo pamwamba pa chitseko, nsungwi yamasuka. Mukapanda kumanga, mphepo ichotsa mzere wonse."

"Ndimanga mvula ikakata, alamu."

"Mumange ndi luzi lonyowa. Louma limaduka."

"Ndamva."

Kenako achemwali anati, "Mariamu wanenepa."

"Wanenepa," anatero Che Yusufu, akuyang'ana pansi.

"Chabwino," anatero achemwali, n'kutembenukira kukhoma.

Januwale, mpaka kukolola

Chaka chimenecho tinadzakolola. Mu Epulo nkhokwe inadzaza, maungu anaola m'munda posowa wodya, ndipo anthu anaiwala msanga, monga timachitira. Koma achemwali chimanga chimenecho anangochiona chili m'mawondo, tsiku limene ndinawakhazika pakhomo kuti awothe dzuwa. Anamwalira chapakati pa Januwale, m'mawa, nditawagwira dzanja.

Kwathu maliro sagona. Amayi akuluakulu anabwera, tinawasambitsa n'kuwakulunga m'nsalu yoyera, amuna anapita kukakumba. Manda athu amakhala ndi kamphanga m'mbali, mmene amagonekamo thupi. Akatero amatseka kamphangako ndi timitengo, pamwamba pa timitengo n'kuyala udzu kuti dothi lisagwere pa munthu, kenako n'kukwirira. Udzu umenewo nthawi zonse anyamata ankangothamangira ku Lilambo. Mwezi wa Januwale tsekera amakhala atafika m'chiuno, kumweta kwake n'kosachedwa.

Tsiku limenelo Che Yusufu anati apita okha. Anatenga zenga la achemwali n'kunyamuka. Dzuwa linakwera, manda anatha kukumbidwa, ashehe anafika, anthu anadzaza pabwalo. Che Yusufu osabwera. Pamene anatulukira, buluku lawo linali matope mpaka m'mawondo, chisoso chitamatirira paliponse, m'manja muli zenga lokha.

Amuna anayamba kukambirana. Mkulu wina anati, "Che Yusufu, musavutike. Tithyola masamba a mitengo, amakwana. Kwina konse amatero."

Ashehe anavomereza kuti masamba alibe vuto.

Che Yusufu anazungulira kuseri kwa nyumba yathu, anatenga mtondo n'kuugadabuza, anapondapo n'kukwera padenga. Ife akazi tinali m'nyumba ndi thupi, ndipo tinamva denga likugwedera pamwamba pathu. Ndinatuluka. Anali atagwada pamwamba, akumasula luzi, akusolola udzu wa m'kati umene dzuwa ndi mvula sizinaufike. Unatuluka wautali, woyera, wowongoka ngati wamwetedwa dzulo. Unali wa achemwali, umene anatimwetera chaka chimene ndinali ndi pakati pa Mariamu.

"Bambo a Saidi," ndinatero, "mitambo iyo."

"Ndaiona."

Anasolola mpaka unakwana mtolo. Anaumanga bwinobwino, anatsika nawo, n'kuusenza paphewa. Amuna ananyamula thupi pa jeneza, chonyamulira maliro, iwo akutsata m'mbuyo ndi mtolo wawo. Akazi sitipita kumanda. Ndinaima pakhomo mpaka anakhota kuseri kwa mitengo ya mango.

Mvula inayamba iwo asanabwere. Inkalowa pabowo lija molunjika, pakati penipeni pa nyumba, ndipo ndinakokera ana pakona pamene ankagona achemwali. Che Yusufu atafika anakhala pansi pafupi ndi chitseko, zovala zili zonyowa, matope a kumanda ali m'manja. Tinakhala choncho, tikumvera madzi akugwera m'beseni.

Kenako ndinawafunsa kuti, "Unakwana?"

"Unakwana," anatero. "Dothi silinawakhudze."